Mafunso ndi mayankho pa mitengo ndi kapangidwe ka mfuti zooneka ngati zankhondo zimene zimalowa ku America kuchokera kunja

Ku United States kuli ogula mfuti ambiri amene sakopeka ndi mfuti zopangidwa m'dziko mwawo, koma amafunafuna zochokera m'mafakitale a ku Romania, Serbia, Bulgaria ndi Poland, makamaka za mtundu wa Kalashnikov. Ogula amenewa sagwirizana pa nkhani ya mitengo ndi kapangidwe, ndipo mafunso ali m'munsiwa ndi amene mikangano yawo imazungulirapo kawirikawiri. Mitengo yonse ili m'madola a ku America ndipo ndi yongoyerekeza, chifukwa imasintha malinga ndi sitolo komanso mmene zinthu zilili pa ndale.

Kodi mfuti zimenezi ndi zofanana ndi zimene asilikali amanyamula?

Maonekedwe ake ndi omwewo, koma pali kusiyana kumodzi kwakukulu. AK-47 ya Mikhail Kalashnikov, imene gulu lankhondo la Soviet Union linaivomereza mu 1949, imalavula zipolopolo mosalekeza malinga ngati chala sichinachoke pa kachitsulo kowombera. Imeneyo ndi imene anthu a m'chigawo chathu chino anaidziwa pa nkhondo ya ku Mozambique imene inatha mu 1992, ndipo ndi imene ili pa mbendera ya dzikolo. Zimene zimagulitsidwa m'masitolo a ku America zimatulutsa chipolopolo chimodzi chokha munthu akakoka kamodzi, kenako zimadzilowetsera china n'kudikira kuti akokenso. Lamulo la mu 1968 linaletsa kuitanitsira anthu wamba mfuti zolavula mosalekeza kuchokera kunja, ndipo la mu 1986 linatseka kaundula wa zatsopano za mtundu umenewu, moti zochepa zimene zinalembetsedwa kale zimagulitsidwa pa madola masauzande makumimakumi.

Zimachokera m'mafakitale ati?

Ku Romania zimapangidwa m'tauni ya Cugir, ndipo yodziwika kwambiri ndi WASR-10 imene kampani ya Century Arms imaitanitsa. Ku Serbia kuli fakitale ya Zastava mumzinda wa Kragujevac, imene inayamba mu 1853, ndipo chiyambire 2019 ili ndi nthambi yakeyake ku Des Plaines m'chigawo cha Illinois. Ku Bulgaria kuli Arsenal m'tauni ya Kazanlak, imene mfuti zake zimamalizidwa ndi kugulitsidwa kudzera ku Las Vegas. Ku Poland kuli fakitale yakale ya ku Radom ndi ina yaing'ono yotchedwa WBP ya ku Rogów. Palinso zina zomwe si za mtundu wa Kalashnikov, monga SCAR ya kampani ya FN ya ku Belgium, Tavor ya ku Israel, AUG ya Steyr ya ku Austria ndi Bren 2 ya CZ ya ku Czech Republic, koma zimenezi zili ndi ogula awoawo amene madola 2,000 kapena 3,000 sawaopa.

Ngati lamulo limaletsa mfuti zankhondo zakunja, nanga zimenezi zimalowa bwanji?

Yankho la funsoli ndi limene limafotokoza pafupifupi madandaulo onse a ogula. Lamulo la Gun Control Act la mu 1968 linati mfuti yochokera kunja iloledwe pokhapokha ngati ili yoyenera masewera, monga ulenje ndi mpikisano wowombera chandamale. Kwa zaka pafupifupi 20 boma silinakhwimitse mfundoyi pa mfuti zazitali, moti m'zaka za m'ma 1980 m'masitolo munkapezeka ma AK a ku China, Egypt, Hungary ndi Yugoslavia, ma Valmet a ku Finland, ma Galil a ku Israel ndi ma HK91 a ku West Germany, onse ali mmene anatulukira m'fakitale.

Zinthu zinasintha mu January 1989, pamene munthu wina anapha ana asanu pasukulu ya pulayimale ku Stockton m'chigawo cha California pogwiritsa ntchito AK ya ku China. Boma la George H. W. Bush linayamba laimitsa kaye zilolezo mu March, ndipo mu July chaka chomwecho linaletseratu mitundu 43. Chimene linayang'ana ndi zizindikiro zankhondo: chogwirira chapansi chonga cha pisitolo, mtengo wotsamira paphewa wotha kupindika, pomangirira mpeni kunsonga kwa mpope, ndi kachitsulo kobisa moto wotuluka kukamwa kwa mfuti. Mafakitale anangochotsa zinthu zimenezi n'kupitiriza malonda, ndipo mu April 1998 boma la Bill Clinton linawonjezera kuti mfuti yotha kulandira magazini (kabokosi kosungira zipolopolo) yaikulu yankhondo isalowenso.

Choncho mfuti imafika padoko ili yooneka ngati ya mlenje, ndipo woitanitsa amaikonzanso ikalowa m'dzikomo. Pamenepa pali lamulo lina la mu 1990 lodziwika ndi nambala yake, 922(r), limene malangizo ake amatchula ziwalo 20 za mfuti ndi kunena kuti mfuti yomalizidwayo isakhale ndi ziwalo zakunja zopitirira khumi mwa zimenezo. Woitanitsa amachotsa zina zakunja n'kuikapo zopangidwa ku America, kawirikawiri zida zowombera za m'kati, chogwirira, ndi matabwa kapena mapulasitiki ake. Magazini yokha imawerengedwa ngati ziwalo zitatu. Zotsatira zake n'zakuti munthu amene akunyadira kuti wagula mfuti ya ku Romania kapena ku Bulgaria amakhala atagula mfuti ya mayiko awiri, ndipo pamtengo wake walipiranso malipiro a mmisiri wa ku America amene anaikonzanso.

N'chifukwa chiyani ogula akale amadandaula kwambiri za mitengo?

Amadandaula chifukwa amakumbukira nthawi imene AK inali mfuti ya munthu wosauka. Chapakati pa zaka za m'ma 2000, WASR-10 inkapezeka pa mtengo wosafika madola 400, pamene AR-15, mfuti ya ku America yooneka ngati yankhondo, inkadula kuwirikiza kawiri kapena kuposerapo. Lero zinthu zatembenuka: AR-15 wamba imapezeka pa madola pafupifupi 500, pamene WASR-10 yomweyo imayambira cha m'ma 800 kupita m'mwamba, Zastava imadutsa 1,000, ndipo Arsenal ya thupi losema imadutsa 1,500.

Chitsulo sichinasinthe kwenikweni, koma njira zolowera m'dzikomo zakhala zikutsekeka imodzi ndi imodzi. Mu May 1994 boma la Clinton linaletsa mfuti zazitali za mtundu umenewu, mapisitolo ndi zipolopolo zake zochokera ku China. Mu 2005 bungwe la boma loona za mfuti la ATF linasiya kuloleza mipope ya mfuti zankhondo, ndipo izi zinasokoneza malonda a ziwalo za mfuti zakale zophwasulidwa zimene zinkabwera zambirimbiri kuchokera kum'mawa kwa Ulaya. Mu July 2014, Russia italanda Crimea, boma la Barack Obama linaika ziletso za malonda pa kampani ya ku Russia ya Kalashnikov Concern, ndipo mfuti zake za Saiga zinaleka kubwera. Mu June 2017 chiletso chinagweranso fakitale ina ya ku Russia ya Molot imene inkapanga mfuti za Vepr. Nkhondo ya ku Ukraine itakula mu February 2022, mafakitale a m'mayiko amene kale anali kumbali ya Soviet Union anapeza ogula aakulu a zida zankhondo, ndipo msika wa anthu wamba unatsalira m'mbuyo. Mu 2025 boma la Donald Trump linakweza misonkho ya katundu wolowa m'dziko, ndipo mu June chaka chomwecho boma la Serbia linalengeza kuti laimitsa kutumiza zida kunja.

Pamwamba pa zimenezi pali mantha a ogula eni ake. Kukachitika kuphana kwa anthu ambiri, monga kwa ku Sandy Hook mu December 2012, anthu amathamangira kumasitolo poopa kuti lamulo latsopano liletsa mfutizi, ndipo mitengo imalumpha m'masiku ochepa. Mu 2020, chaka cha mliri wa COVID-19, zipolowe ndi chisankho, FBI inafufuza mbiri ya ofuna mfuti ndi zilolezo maulendo opitirira 39 miliyoni. Mitengo imatsikako mantha akatha, koma ya mfuti zakunja kawirikawiri sibwerera pamene inali, chifukwa palibe fakitale ya m'dzikomo imene ingadzaze msika ndi mfuti yolembedwa Izhevsk (mzinda wa ku Russia kumene Saiga inkapangidwa) kapena Cugir. Tisaiwalenso msonkho wa 11 peresenti umene boma limadula pa mfuti zazitali ndi zipolopolo, umene chiyambire lamulo la Pittman-Robertson la mu 1937 umapita ku ntchito yosamalira nyama zakutchire.

Ogula amati chiyani za WASR-10?

Ambiri amaitchula kuti ndi mfuti yosaoneka bwino koma yosafa msanga. Matabwa ake amakhala otuwa ndi okhakhala, utoto wake suchedwa kukalika, ndipo ogula ambiri amachotsa matabwawo sabata yoyamba n'kuikapo ena. Chimene amachiyamikira ndi mpope wake wosulidwa ndi makina omenya chitsulo, wokutidwa m'kati ndi chrome, chitsulo choteteza ku dzimbiri, komanso kuti imatsatira miyezo ya AKM ya mu 1959, imene inalowa m'malo mwa AK-47, moti ziwalo za mayiko ambiri zimalowa popanda vuto.

Madandaulo ake ndi akalekale ndipo amachokera ku lamulo la mu 1998 lija. Mfutiyi imapangidwa ndi kabowo kopapatiza kolandira magazini ya zipolopolo khumi, ndipo kabowoko amakakulitsa ikafika ku America. Pa zina zakale ntchitoyi sinkachitika mosamala, moti magazini inkagwedera ngati dzino lofuna kuguluka. Zina zinkabwera ndi cholozera chakutsogolo chopendekera kumbali, chimene munthu amachiona akangoyang'ana mfuti kuchokera kumbuyo: kamtengo kolozerako kamakhala katatsamira kumanzere kapena kumanja m'malo moima pakati. Zina zinkamenya chala powombera. Ogula ambiri amavomereza kuti zopangidwa m'zaka zaposachedwapa n'zabwinoko, ndipo mkangano umene watsala ndi wa mtengo basi. Ena amati mfuti imene inatchuka chifukwa chotchipa yataya chifukwa chake chogulidwira, pamene ena amati ikadali njira yotsika mtengo yopezera AK yochokera m'fakitale imene yakhala ikupangira asilikali.

Nanga Zastava ZPAP M70 yatchuka chifukwa chiyani?

Yatchuka chifukwa ogula amaona kuti ndalama zawo zikuoneka pa mfutiyo. Thupi lake ndi la chitsulo chochindikala mamilimita 1.5, pamene la AKM wamba ndi la milimita imodzi, ndipo chitsulo chogwira tsinde la mpope, chimene amachitcha trunnion, ndi chotupa m'mbali monga cha mfuti yaikulu ya RPK. Matabwa ake ndi osalala bwino, ndipo mpope wake tsopano uli ndi chrome m'kati, chinthu chimene M70 ya asilikali a Yugoslavia inalibe.

Pali zinthu ziwiri zimene ogula amachenjezana. Choyamba, ndi yolemera kuposa WASR-10, ndipo woinyamula tsiku lonse amamva kusiyanako. Chachiwiri, anthu a ku Yugoslavia anapanga AK yawo m'njira yawoyawo, moti matabwa akutsogolo ndi aatali, mtengo wa paphewa umamangidwa mosiyana, ndipo chomangirira galasi loonera patali chili ndi muyezo wake. Munthu amene wagula chiwalo cha AKM poganiza kuti AK iliyonse ndi imodzimodzi amapeza kuti sichikulowa.

Kodi Arsenal ya ku Bulgaria ndi yoyeneradi mtengo wake?

Apa ndi pamene ogula amagawikana kwambiri. Thupi la mfuti ya Arsenal yotchedwa SAM7 limasemedwa ndi makina kuchokera ku chibuma chimodzi cha chitsulo chosulidwa, monga zinkapangidwira ma AK-47 a m'zaka za m'ma 1950, pamene la AKM limadindidwa pa chitsulo chopyapyala n'kupindidwa ndi kukhomedwa ndi misomali yake. Kusema kumadya nthawi ndipo chitsulo chambiri chimatayika ngati zinyenyeswa, n'chifukwa chake mfutiyi imadula. Oikonda amati imayenda mofewa, siigwedezeka kwambiri powombera, ndipo idzafika kwa adzukulu. Otsutsa amakumbutsa kuti Soviet Union yomwe inasiya kusema mu 1959 pofuna mfuti yopepuka ndi yotchipa, ndipo AKM yodindayo yamenya nkhondo m'zipululu ndi m'nkhalango kwa zaka zoposa 60 popanda wina kuidandaula kuti ndi yofooka. Amanenanso kuti utoto wa mfuti zina za Arsenal umasupuka ndi mankhwala ena otsukira, chinthu chosayembekezeka pa mfuti ya mtengo wotere.

Kunena mosapsatira, munthu wowombera zipolopolo mazana angapo pachaka sadzafika pomaliza mfuti iliyonse mwa zitatuzi. Madola owonjezera amene amalipira pa Arsenal amagula kusalala kwa ntchito, dzina la fakitale, ndi mtengo wabwino tsiku limene adzafune kuigulitsa. Zimenezi ndi zifukwa zomveka, koma si zofanana ndi kunena kuti mfutiyo imalasa chandamale kuwirikiza kawiri. Ma AK ambiri a zipolopolo za 7.62x39 (nambala zosonyeza kukula kwa chipolopolo m'mamilimita), otchipa ndi odula omwe, amamwaza zipolopolo m'kadera ka mainchesi atatu kapena anayi pa mtunda wa mayadi 100 akamagwiritsa ntchito zipolopolo wamba.

Wogula wodziwa amayang'ana chiyani asanatulutse ndalama?

Amayamba ndi trunnion ndi chitsulo chotsekera chipolopolo kumbuyo, chifukwa mphamvu yonse ya kuphulika kwa wonga imatsamira pa ziwalo ziwirizi. Amafuna kudziwa ngati zinasulidwa kapena zinangothiridwa m'chikombole chitsulo chili chosungunuka. Kenako amaona ngati mpope uli ndi chrome m'kati, ngati cholozera chakutsogolo chili chowongoka, ngati mitu ya misomali yokhomera thupi ili yozungulira bwino ndi yogona pachitsulo popanda mpata, ndiponso ngati magazini ikulowa ndi kugwira bwino.

Osonkhanitsa mfuti amapita patsogolo n'kuyang'ana zidindo. Kumbali ya mfuti yakunja iliyonse lamulo limafuna kuti pakhale dzina la woitanitsa, tauni yake ndi dziko limene mfutiyo inapangidwira, moti pa WASR-10 pamaoneka mawu akuti Romania pamodzi ndi tauni ya Georgia ya m'chigawo cha Vermont, adiresi ya Century Arms. Palinso zidindo zakale za mafakitale: muvi m'kati mwa chizindikiro cha ngodya zitatu ndi wa ku Izhevsk, nyenyezi ndi ya ku Tula, nambala 10 m'kati mwa mizere yozungulira ndi ya ku Kazanlak, ndipo 11 ndi ya ku Radom. Kachidindo kosaposa chikhadabo kangathe kusintha mtengo wa magazini kapena wa mfuti yonse, ndipo chidindo cha woitanitsa chikakhala chachikulu ndi chonyansa, mtengo umatsika.

Bwanji osangogula AK yopangidwa ku America?

Ena amagula, ndipo chiwerengero chawo chikukula. Chimene chinaononga mbiri ya ma AK a m'dzikomo ndi chakuti cha m'ma 2010 makampani ena, pofuna kutsitsa mtengo, anagwiritsa ntchito ziwalo zothira m'chikombole pamalo ofunika chitsulo chosulidwa, ndipo anthu oyesa mfuti anaonetsa poyera ziwalozo zikudyeka pambuyo pa zipolopolo masauzande ochepa. Chiyambire nthawi imeneyo makampani monga Palmetto State Armory a ku South Carolina anayamba kugulitsa ma AK a ziwalo zosulidwa pa mtengo wotsikirapo kuposa akunja, ndipo ali ndi mwayi wakuti mfuti ikavuta wogula amaibweza kufakitale mosavuta. Komabe ogula ambiri amaumirira kuti fakitale imene yapanga mfuti imodzimodziyo kwa zaka 50 kapena 60, pansi pa oyendera a gulu lankhondo, ili ndi luso limene silipezeka m'zaka zochepa. M'mawu amenewa muli choonadi, koma mulinso chikondi chabe cha dzina, chifukwa mfuti yakunja yomweyo, monga taonera, imakhala itadutsa m'manja mwa amisiri a ku America.

N'chifukwa chiyani za ku China ndi ku Russia zimadula chonchi pamene poyamba zinkanyozedwa?

Chitsanzo chabwino ndi MAK-90 ya kampani ya Norinco. Inapangidwa pofuna kuzemba chiletso cha mu 1989, choncho m'malo mwa chogwirira chapansi inali ndi thabwa limodzi lalikulu lokhala ndi bowo lopisamo chala chachikulu, ndipo pomangirira mpeni anapapala. Anthu ankaiseka chifukwa cha thabwa lonyansalo ndipo inkagulitsidwa pa madola 200 kapena kucheperapo. Chiletso cha mu 1994 chitatseka njira, ogula anayamba kuona zimene sankaziona: thupi lochindikala, mpope wa chrome, ndi kachitsulo kowombera kofewa kuposa ka ma AK ambiri a ku Ulaya. Lero MAK-90 yosamalika imadutsa madola 1,000, ndipo za Poly Tech zimene zinalowa chisanafike chaka cha 1989 zimagulidwa pa madola masauzande angapo.

Saiga nayo inayenda njira yomweyo. Inkabwera kuchokera ku Izhevsk, mzinda umene Kalashnikov mwiniwake anagwirako ntchito mpaka imfa yake mu December 2013, ili ndi maonekedwe a mfuti ya mlenje, ndipo inali m'gulu la zotchipa. Chiletso cha mu 2014 chitangolengezedwa, masitolo anakhuthuka m'masiku ochepa. Palibe chinawonjezeka pa mfuti zimenezi kupatula chakuti zina sizidzabweranso.

Nanga mfuti zakale zenizeni za asilikali monga SKS ndi Mosin-Nagant?

Zimenezi zili m'gulu lina, chifukwa lamulo la mu 1984 linalola kuitanitsa mfuti zakale za asilikali zimene boma limaziona ngati zosungidwa chifukwa cha mbiri, ndipo mfuti imalowa m'gululi ikakwanitsa zaka 50. Mosin-Nagant, imene inayamba mu 1891 ndipo imalandira zipolopolo zisanu, inkagulitsidwa pa mtengo wosafika madola 100 mpaka cha m'ma 2010. SKS ya Sergei Simonov, ya zipolopolo khumi, inali pa mtengo wotero kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Zonsezi zakwera kangapo konse chifukwa nkhokwe zakale zatha kapena zatsekedwa.

Wogula mfuti yotere amalandiranso ntchito. Imafika itamatidwa ndi girizi wofiirira wotchedwa cosmoline, amene asilikali anaipaka poisunga zaka makumi angapo zapitazo. Girizi ameneyu amalowa m'kabowo kalikonse, amanunkha, ndipo amatuluka m'thabwa ngati thukuta mfuti ikakhala padzuwa, ngakhale patapita miyezi chiitsukireni. Pa SKS ogula amachenjezana kuti kachitsulo komenya chipolopolo katsukidwe mpaka kazigwedera momasuka, chifukwa kakamatirira mfuti ingathe kuwomba yokha pamene munthu akuitseka.

Kodi mtengo wa zipolopolo umakhudza bwanji maganizo a ogula?

Umakhudza kwambiri, mwina kuposa mtengo wa mfuti. Chimene chinkakopa anthu ku AK ndi zipolopolo za ku Russia za makoko achitsulo, za mayina monga Tula, Barnaul ndi Wolf, zimene zinkagulidwa m'mabokosi a 1,000 pa mtengo wotsika kuposa za AR-15. Mu August 2021 boma la Joe Biden linalengeza kuti lisiya kupereka zilolezo zatsopano zoitanitsira mfuti ndi zipolopolo za ku Russia, ngati chilango pa nkhani ya kuthiridwa poizoni kwa Alexei Navalny, ndipo chiletsocho chinayamba mu September chaka chomwecho. Zilolezo zakale zitatha, mtengo wa 7.62x39 unakwera mpaka kufanana kapena kuposa wa 5.56 ya AR-15. Amene anavutika koposa ndi eni mfuti za mtundu wa AK-74, chifukwa zipolopolo zake za 5.45x39 zinkachokera kwambiri ku Russia. Ichi n'chifukwa chake ma AK a zipolopolo za 5.56, monga Beryl ya ku Radom ndi M90 ya Zastava, ayamba kufunidwa ndi anthu amene kale sankawayang'ana n'komwe.

Zipolopolo zakale za asilikali zimatchipako, koma zambiri zimasiya mchere mumpope umene umakoka chinyezi ndi kubweretsa dzimbiri, choncho mfuti imafunika kutsukidwa tsiku lomwelo. Apa ndi pamene chrome ija imaonetsa phindu lake.

Anthu otsutsa malonda amenewa amanena chiyani?

Amanena kuti lamulo la mu 1968 likuzembedwa masana dzuwa likuswa mtengo, popeza mfuti imene siingaloledwe padoko ili ndi maonekedwe ankhondo imapatsidwa maonekedwe omwewo ikangolowa m'dziko. Amatchula kuphedwa kwa anthu 23 m'sitolo ya Walmart ku El Paso m'chigawo cha Texas mu August 2019, kumene wakuphayo anagwiritsa ntchito WASR-10. Amatchulanso ma AK a ku Romania amene akhala akugulidwa m'zigawo za kumalire ndi kuzembetsedwa kupita kwa magulu ogulitsa mankhwala osokoneza bongo ku Mexico, nkhani imene inatchuka pamene wapolisi wa m'malire Brian Terry anaphedwa mu December 2010 ndipo mfuti ziwiri zopezeka pamalopo zinali za m'kafukufuku wa ATF wotchedwa Fast and Furious, momwe bungweli linkalola dala mfuti kugulidwa pofuna kutsata ozembetsa. Ogula ndi mabungwe awo amayankha kuti malipoti a FBI amasonyeza kuti anthu ambiri ophedwa ndi mfuti ku America amaphedwa ndi mapisitolo osati mfuti zazitali, ndipo amati mfundo ya masewera ilibe malo pa ufulu umene malamulo aakulu a dzikolo amapereka. Lamulo la dziko lonse loletsa mfuti za maonekedwe amenewa linagwira ntchito kuyambira September 1994 mpaka September 2004, ndipo Congress, nyumba ya malamulo ya dzikolo, sinalikonzenso.

Ndani amaloledwa kugula, nanga munthu angathe kutumiza mfuti yotere kwawo?

Pa malamulo a dziko lonse, wogula mfuti yaitali kwa wogulitsa wokhala ndi laisensi ayenera kukhala wa zaka 18 kapena kuposerapo, amalemba fomu ya nambala 4473, ndipo mbiri yake imafufuzidwa kudzera mu dongosolo la NICS limene linayamba mu 1998. Wogula pa intaneti salandirira mfuti pakhomo pake: imatumizidwa kwa wogulitsa wa laisensi wa kufupi naye, amene amadula kandalama kake pa ntchitoyo, ndipo ndalama imeneyi ndi ya mtengatenga ogula amaiwerengera pa mtengo wonse. Zigawo zina, monga California, New York, New Jersey, Connecticut, Massachusetts ndi Maryland, zili ndi malamulo awoawo oletsa kapena ochepetsa mfuti zimenezi, ndipo Illinois ndi Washington zinawonjezeka mu 2023.

Kwa anthu ochokera kunja, amene ali ndi chilolezo chokhala m'dzikomo mpaka kalekale amagula monga nzika, koma amene ali pa viza ya sukulu, ya ntchito kapena yokacheza saloledwa kukhala ndi mfuti kapena zipolopolo, kupatula pa zifukwa zochepa zimene lamulo limatchula, monga kukhala ndi laisensi ya ulenje. Kugulira mfuti munthu wina ponamizira kuti ndi yanu ndi mlandu waukulu. Kutulutsa mfuti m'dzikomo kumafuna chilolezo cha boma la America komanso cha dziko limene ikupita, ndipo kuibisa m'galimoto kapena m'katundu wotumizidwa pa sitima ndi mlandu wokalowa nawo kundende m'mayiko onse awiri.